Kuyerekezera sintering pa kompyuta

Kuyerekezera sintering pa kompyuta ndi gawo la sayansi ya zipangizo limene limagwiritsa ntchito masamu ndi mapulogalamu a pakompyuta kuti anthu adziwiretu mmene chinthu choumbidwa ndi ufa chidzasinthire pochitsendera ndi pochiwotcha. Sintering ndi mawu a Chingerezi, ochokera ku Chijeremani, ndipo amatanthauza kuwotcha ufa wa chitsulo, wa dongo kapena wa zinthu zina mpaka tinjere take titagwirana n'kukhala chinthu chimodzi cholimba, koma moto wake osafika posungunula ufa wonsewo. Njerwa zowotcha, mbiya, matailosi, magiya ena a mu injini ya galimoto, nsonga za makina obowolera miyala ndiponso mano ena oikirira, zonsezi zimalimba m'njira imeneyi.

Vuto lake ndi lakuti chinthu chotere sichituluka mu ng'anjo monga chinalowera. Chimachepa, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu m'litali, ndipo mbali zake sizichepa mofanana, choncho chimatha kupindika kapena kung'aluka. Woumba njerwa amangokulitsa chikombole pang'ono, chifukwa njerwa ikaperewera ndi mamilimita awiri matope a womanga amakwirira. Koma giya ikaperewera ndi kagawo kakang'ono ka milimita singagwire ntchito. Kompyuta imawerengera kuchepa ndi kupindikako fakitale isanawononge ndalama posula chikombole ndi kuyatsa ng'anjo.

Zimene zimachitika mu ng'anjo

Chimene chimakokera tinjere pamodzi ndi kuchuluka kwa malo akunja amene ufa uli nawo. Kachitsulo kotalika sentimita imodzi mbali zonse kali ndi malo akunja okwana masikweya sentimita 6. Kachitsulo komweko atakaphwanya kukhala tizidutswa ta maikoromita imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, malo akunja a tizidutswa tonseto amakwana masikweya mita 6, kutanthauza kuwirikiza ka 10,000. Maatomu okhala kunja ali ndi anzawo ochepa owagwira kusiyana ndi amkati, choncho sakhazikika, ndipo chinthu chimakhazikika malo akunjawa akachepa. N'chifukwa chake madontho awiri a madzi akakhudzana amasanduka dontho limodzi. Tinjere ta ufa timachita chimodzimodzi, kungoti maatomu a chinthu cholimba sasuntha pokhapokha atatenthedwa kwambiri. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, koma ufa wake kawirikawiri amauwotcha pa madigiri 1,120.

Akatswiri amagawa kuwotchaku m'magawo atatu. Poyamba, pamene tinjere tiwiri takhudzana pamamera kamlatho kamene amakatcha khosi, ndipo khosilo limakula. Kachiwiri, makosi amakumana, mipata ya pakati pa tinjere imasanduka timijiri tolumikizana, ndipo apa ndi pamene chinthu chimachepa kwambiri. Kachitatu, mipata ikatsala yochepera pa magawo 10 pa 100 alionse, timijiri tija timaduka n'kukhala timabowo totsekeka, pomwe tinjere tatikulu timameza tating'ono.

Maatomu ali ndi njira zingapo zofikira pa khosi. Ena amayenda kunja kwa kanjere, ena amauluka ngati nthunzi n'kukatera pa khosi. Njira ziwirizi zimakulitsa khosi koma sizichepetsa chinthu, chifukwa tinjere sitiyandikirana. Ena amachoka pa malire a tinjere tiwiri, kudutsa m'malire momwemo kapena mkati mwa kanjere. Njira zimenezi ndizo zimayandikiritsa tinjere ndi kutseka mipata. Modelo iliyonse, kutanthauza masamu oimira zimene zikuchitika, imayenera kusiyanitsa magulu awiriwa.

Palinso kuwotcha kumene gawo laling'ono la ufa limasungunuka n'kulowerera m'mipata, n'kukoka tinjere totsala monga mmene madzi amagwirizira mchenga wonyowa. Umu ndi mmene tungsten carbide imagwirirana ndi cobalt, ndiponso mmene dongo la mbale ndi makapu limalimbira.

Mbiri

Anthu anayamba kuwotcha dongo kalekale asanadziwe za maatomu. Tiziboliboli tadongo topezeka ku Dolní Věstonice m'dziko la Czech Republic tili ndi zaka zoposa 25,000. Anthu akale a m'mphepete mwa nyanja ku Ecuador ankagwirizitsa tinjere ta platinum ndi golide, popeza moto wawo sukanatha kusungunula platinum. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, William Hyde Wollaston ku London ankapanga platinum yosulika poitsendera ndi kuiwotcha ili ufa, ndipo dziko la Russia linapanga ndalama za platinum m'njira yofanana kuyambira 1828 mpaka 1845. Cha m'ma 1910, William Coolidge wa kampani ya General Electric anapeza njira yopangira waya wa tungsten wa mababu kuchokera ku ufa. Tungsten imasungunuka pa madigiri 3,422. Mu 1923, Karl Schröter wa kampani ya Osram ku Germany anasakaniza tungsten carbide ndi chitsulo chogwirizitsa, n'kupeza chipangizo chodulira zitsulo cholimba kwambiri.

Masamu ake anabwera mochedwa. Mu 1945 Yakov Frenkel wa ku Soviet Union anafotokoza kugwirana kwa tinjere tiwiri ngati kuyenderera kwa chinthu chonanda. Mu 1949 George Kuczynski ku United States anawotcha timipira tachitsulo pa zitsulo zafulati, n'kuyeza makosi ake pa maikulosikopu, ndipo anasonyeza kuti kukula kwa khosi kumaulula njira imene maatomu adutsa. Mu 1950 Conyers Herring anapereka lamulo la kukula kwa tinjere: tinjere tikachepa ndi theka, nthawi yowotcha imachepa ka 8 ngati maatomu akudutsa mkati mwa kanjere, ndipo imachepa ka 16 ngati akudutsa m'malire. W. David Kingery anafotokoza kuwotcha kokhala ndi gawo losungunuka mu 1959, ndipo Robert Coble anafotokoza gawo lachiwiri ndi lachitatu mu 1961. Mu 1974 Michael Ashby anajambula mapu osonyeza njira imene imalamulira pa kutentha kulikonse ndi pa kukula kulikonse kwa khosi.

Ntchito zonsezi zinkanena za tinjere tiwiri kapena tochepa, pomwe sentimita imodzi mbali zonse ya ufa wa tinjere ta maikoromita 10 imakhala ndi tinjere pafupifupi biliyoni imodzi. Njira yoonera chinthu chonse inachokera kwa Valery Skorokhod wa ku Kyiv, amene mu 1972 anafalitsa buku loona ufa wowotchedwa ngati chinthu chimodzi chamipata chimene chimayenderera pang'onopang'ono. Makompyuta atakula mphamvu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, maganizo amenewa anaikidwa m'mapulogalamu, ndipo mu 1998 Eugene Olevsky anawasonkhanitsa m'nkhani yaitali imene ofufuza ambiri amatsatira.

Kuchepa kwa chinthu m'masamu

Muyeso wofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi kutsendereka. Chinthu chotsendereka 60 peresenti ndi chimene magawo 60 pa 100 alionse a malo ake ndi ufa weniweni, ndipo otsalawo ndi mipata. Timipira tofanana tikathiridwa m'chitini n'kugwedezedwa timafika pafupifupi 64 peresenti basi.

Kulemera kwa ufa sikusintha powotcha, choncho kuchepa kungawerengedwe. Ndodo yotalika mamilimita 100 yotsendereka 60 peresenti ikawotchedwa mpaka 98 peresenti, malo ake onse amatsala magawo 60 pa 98 a malo oyamba. Popeza imachepa m'litali, m'lifupi ndi m'kuchindikala momwe, utali wake umatsala pafupifupi mamilimita 85. Koma ngati mbali imodzi ya ndodoyo inangotsendereka 56 peresenti, mbali imeneyo imatsala mamilimita 83. Mbali ziwiri za ndodo imodzi zikasiyana ndi mamilimita awiri, ndodoyo imapindikira kumbali yaifupi. Pa ndodo masamuwa angachitike ndi pensulo. Pa chinthu chokhala ndi mano, mabowo ndi masitepe, malo alionse ali ndi kutsendereka kwake ndipo amakokana ndi oyandikana nawo, choncho pamafunika kompyuta.

Kuyerekezera kutsendera kwa ufa

Kupindika kwambiri kumayambira pa kutsendera, moto usanayatsidwe. Ufa amauthira m'chikombole chachitsulo n'kuupsinja ndi zopsinjira. Pa ufa wa chitsulo mphamvu yake imakhala pakati pa 400 ndi 800 MPa, ndipo MPa imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 10 olemera pa sikweya sentimita imodzi. Ufa suli ngati madzi amene amagawa mphamvu mofanana. Umakhulana ndi makoma a chikombole, motero mphamvu imachepa pamene ikutsika. Chopsinjira chikakhala chimodzi, ufa wapafupi nacho umatsendereka kwambiri kuposa wapansi. Zikakhala ziwiri, chakumwamba ndi chakunsi, malo osatsendereka bwino amakhala pakati. Injiniya wa ku Germany, H. A. Janssen, anafotokoza zofanana ndi zimenezi mu 1895 pofufuza mmene mbewu zimakankhira makoma a nkhokwe zazitali, ndipo masamu ake amagwirabe ntchito pa zikombole.

Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito njira ya finite element, dzina limene Ray Clough anapereka mu 1960. Kompyuta imagawa chinthu m'tizigawo masauzande ambiri tolumikizana ngati ukonde, imawerengera mphamvu ndi kusuntha kwa kagawo kalikonse, kenako imagwirizanitsa mayankho onse. Kagawo kalikonse kamafunika lamulo lonena mmene ufa umagonjera ukapsinjidwa. Malamulo ambiri anabwerekedwa ku sayansi ya nthaka, popeza dothi nalonso ndi tinjere ndi mipata. Modelo ya Cam-clay inapangidwa ku yunivesite ya Cambridge m'zaka za m'ma 1960 ndipo dzina lake linachokera ku mtsinje wa Cam. Modelo ya Drucker-Prager Cap ili ndi malire awiri: ena amanena pamene ufa umagumuka ukakankhidwa cham'mbali, ena amanena pamene umayamba kutsendereka ukapsinjidwa mbali zonse, ndipo malire achiwiriwa amakwera pamene ufa ukutsendereka. Pa zitsulo zamipata palinso modelo ya Shima ndi Oyane ya mu 1976 ndi ya Gurson ya mu 1977.

Zotsatira zake ndi mapu a kutsendereka kwa chinthu chonse. Kompyuta imasonyezanso zimene zimachitika chinthu chikamatulutsidwa m'chikombole. Mphamvu ikachotsedwa chimafutukuka pang'ono, ndipo mbali imene yatuluka kale ikafutukuka pomwe ina idakali yopanikizika, pamabwera mng'alu. Opanga mapiritsi a mankhwala amagwiritsa ntchito masamu omwewa pofuna kupewa mapiritsi osweka pamutu, ngakhale kuti iwo sawotcha.

Kuyerekezera kuwotcha

Palibe modelo imodzi yotha kuona atomu ndi giya yathunthu nthawi imodzi. Ofufuza amagawa ntchitoyi potengera kukula kwa zimene akuona.

Pa msinkhu wa maatomu pali njira ya molecular dynamics. Kompyuta imatsata atomu iliyonse pogwiritsa ntchito malamulo a Newton a kayendedwe. Sitepe imodzi ya nthawi imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000,000 a sekondi, choncho ngakhale makompyuta aakulu amangoona tinjere tochepa tating'onoting'ono kwa kanthawi kosakwana n'komwe kuphethira kwa diso. Phindu lake ndi kusonyeza mmene khosi limayambira ndi kupereka manambala amene ndi ovuta kuyeza. Pulogalamu yodziwika pa ntchitoyi ndi LAMMPS, yochokera ku Sandia National Laboratories ku United States.

Pa msinkhu wa kaonekedwe ka mkati pali njira ziwiri. Ya Monte Carlo, yotchedwa dzina la malo a juga ku Monaco, imagawa chinthu m'timabokosi, n'kupatsa kabokosi kalikonse nambala ya kanjere kake kapena ya mpata. Kompyuta imasankha kabokosi mwachisawawa, imayesa kukasintha, ndipo kawirikawiri imavomera kusinthako ngati kukuchepetsa mphamvu ya malire. Njirayi inagwiritsidwa ntchito pa kukula kwa tinjere mu 1984, ndipo pambuyo pake Veena Tikare ndi anzake ku Sandia anaikonza kuti izionetsanso kutsekeka kwa mipata. Njira ya phase field imaona malire ngati kampata kopyapyala kosintha pang'onopang'ono, ndipo imadalira masamu a John Cahn ndi John Hilliard a mu 1958. Zonse ziwiri zimayankha mafunso monga lakuti, kodi mpata udzayenda limodzi ndi malire kapena udzatsalira mkati mwa kanjere, mmene ndi movuta kuuchotsa.

Pa msinkhu wa tinjere pali njira ya discrete element, imene Peter Cundall ndi Otto Strack anafalitsa mu 1979 pofufuza miyala ndi mchenga. Kanjere kalikonse kamaimiridwa ndi kampira, ndipo pamene timipira tiwiri takhudzana pamaikidwa lamulo la kukula kwa khosi ndi la kukokana. Njirayi imatha kutsata tinjere masauzande mazanamazana. Imasonyeza mmene tinjere timasunthira ndi kutembenuka, mmene mipata ina imakulira m'malo mochepa, ndi mmene mng'alu umayambira pamalo amene ufa sunathiridwe bwino. Imagwiranso ntchito poonetsa kuthira ufa m'chikombole.

Pa msinkhu wa chinthu chathunthu amabwereranso ku finite element. Modelo yodziwika ndi ya Skorokhod ndi Olevsky. Imaona chinthu chotentha ngati phala lolimba kwambiri lokhala ndi mipata, ndipo imafuna zinthu zitatu: mmene phalalo limakanira kupotozedwa, mmene limakanira kufinyidwa, ndi mphamvu yamkati imene imalifinya lokha popanda wolipsinja. Mphamvu yamkatiyi imakula tinjere tikakhala tating'ono. Pa tinjere ta maikoromita imodzi imakhala pafupifupi MPa imodzi, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya zopsinjira, koma imagwira ntchito kwa maola. Kukana kwa phalalo kumachepa msanga kutentha kukakwera, ndipo kumakula mipata ikamatha ndi tinjere tikamakula. Hermann Riedel ndi Torsten Kraft a ku bungwe la Fraunhofer ku Freiburg anapanga modelo ina yochokera mwachindunji pa kuyenda kwa maatomu m'malire a tinjere, ndipo anailumikiza ndi mapu a kutsendera.

Misinkhu imeneyi imathandizana. Manambala ochokera ku maatomu amalowa mu modelo ya tinjere, ndipo ochokera ku tinjere amalowa mu modelo ya chinthu chathunthu.

Zochititsa kupindika

Kusiyana kwa kutsendereka ndi chifukwa choyamba, koma pali zina zimene modelo yabwino imaziwerengera. Kulemera kwa chinthu chenichenicho kumachigwetsa chikafewa ndi moto, makamaka mbali zolendewera ndi zopingasa zopanda chochirikiza. Kukhulana ndi thireyi imene chakhalapo kumalepheretsa kunsi kuchepa mofanana ndi kumwamba, choncho chinthu chimatuluka chotambalala pansi ngati phazi la njovu. Kutentha sikufika paliponse nthawi imodzi: kunja kumayamba kulimba mkati mukadali mozizirirapo, monga mmene njerwa za pafupi ndi moto mu uvuni zimapsera kwambiri pomwe za m'mphepete zimatsala zosapsa. Zinthu ziwiri zosiyana zikawotchedwa pamodzi, china chimayamba kuchepa chinzake chisanayambe, ndipo zimakokana. Rajendra Bordia ndi George Scherer analemba masamu a vuto limeneli mu 1988. Kaikidwe ka tinjere nakonso kamachititsa kuti chinthu chichepe mosiyana m'litali ndi m'msinkhu.

Kompyuta ikapeza kupindika, injiniya amatha kutembenuza yankho. Ngati ikusonyeza kuti mbali ina idzagwa ndi milimita imodzi, amakweza mbaliyo ndi milimita imodzi pa chojambula, n'kuwerengeranso. Amabwereza mpaka chinthu chopindika dala chitatuluka chowongoka mu ng'anjo ya pakompyuta. Atatero ndi pamene amasula chikombole.

Kuyeza mu labotale

Modelo singagwire ntchito popanda manambala a ufa weniweni. Chida chachikulu ndi dilatometer, kang'anjo kokhala ndi kandodo kogunda kachidutswa koyesedwa, kamene kamalemba kutalika kwa kachidutswako pa kutentha kulikonse. Mu 1996 Hunghai Su ndi D. Lynn Johnson anasonyeza kuti miyeso yotengedwa pa liwiro losiyanasiyana la kutenthetsa ingaikidwe pa mzere umodzi, umene amautcha master sintering curve. Ndi mzere umenewu fakitale imatha kudziwa kutsendereka kumene ufa womwewo udzafike pa ndondomeko ina ya kutentha imene sinayesedwe.

Pofuna kudziwa mmene chinthu chotentha chimakanira kupotozedwa, amachipsinja ndi mphamvu yodziwika chili mu ng'anjo, kapena amagoneka kandodo pa zochirikiza ziwiri n'kujambula mmene kakugwera pakati. Pa kutsendera amagwiritsa ntchito chikombole chokhala ndi zoyezera mphamvu m'makoma, ndipo amaphwanya tizidutswa totsenderedwa kuti adziwe kulimba kwake. Ku Grenoble m'dziko la France, ofufuza ajambulapo ufa wa kopa ndi ma X-ray amphamvu a makina a ESRF ukuwotchedwa, n'kuona makosi ndi mipata ikusintha mkati mwenimweni. Zithunzi zoterezi ndizo zimatsimikizira kapena kutsutsa zimene kompyuta yanena.

Kumene kumagwira ntchito

Makampani opanga magalimoto ndi amene amagula zida zambiri za ufa wa chitsulo, monga magiya ndi zida za pampu ya oilo. Zida zimenezi zimatsenderedwa kwambiri, choncho powotcha zimasintha pang'ono chabe, ndipo modelo imathandiza makamaka pokonza kayendedwe ka zopsinjira kuti pasakhale ming'alu.

Tungsten carbide imachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu m'litali, ndipo ikapsa imalimba moti imanoledwa ndi dayamondi. Kunolako n'kodula, choncho kulosera bwino maonekedwe kumapulumutsa ndalama zambiri. Nsonga za makina a m'migodi ndi obowolera mijigo zimapangidwa ndi chipangizochi.

Timibulu ta uranium dioxide ta m'malo opangira magetsi a nyukiliya timawotchedwa pa madigiri pafupifupi 1,700. Chifukwa chosatsendereka bwino pakati, timatuluka tolowa m'chiuno ndipo timafunika kupalidwa kuti tikwane m'mapaipi ake.

Njira ya hot isostatic pressing inayambira ku Battelle Memorial Institute ku Ohio mu 1955. Ufa amautsekera m'chitini chachitsulo n'kuupsinja mbali zonse ndi mpweya wa argon wa 100 mpaka 200 MPa uli pamoto. Chitinicho sichifinyika mofanana, chifukwa ngodya zake n'zolimba ndipo kunja kumatentha msanga. Pa zida zazikulu zodula, monga za injini za ndege ndi za migodi ya mafuta, maonekedwe a chitini amawerengeredwa pa kompyuta chisanawotcheredwe.

Mu foni yam'manja muli timakapasita mazanamazana topangidwa ndi mizere yopyapyala ya barium titanate ndi nickel yosanjikizana. Nickel imayamba kuchepa pa kutentha kotsika kuposa inzake, ndipo modelo imathandiza kusankha liwiro la kutenthetsa loti mizere isaduke kapena kumatuka. Mano oikirira a zirconia nawonso amasemedwa okulirapo, motsatira nambala yolembedwa pa chidutswa chilichonse, kuti akapsa akwane m'kamwa.

Kusindikiza zinthu kwa 3D kwawonjezera kufunika kwa ntchitoyi. Mu njira ya binder jetting, imene inayambira ku Massachusetts Institute of Technology, makina amayala ufa mizeremizere n'kumauthira guluu pamalo ofunika. Ufawo supsinjidwa, choncho chinthu chimalowa mu ng'anjo chili ndi mipata yambiri ndipo chimachepa ndi kugwa kwambiri. Popeza zinthu zosindikizidwa zimakhala zochepa ndi zosiyanasiyana, n'kosatheka kuyesa kambirimbiri pa chilichonse. Makampani a mapulogalamu tsopano amagulitsa zida zopindiratu chojambula chisanasindikizidwe.

Malire ake

Yankho la kompyuta limadalira manambala amene yapatsidwa. Matumba awiri a ufa wa dzina limodzi amatha kusiyana kukula kwa tinjere, chinyezi ndi dzimbiri la kunja kwa tinjere, ndipo kusiyana kochepa kumasintha kuchepa kwa chinthu. Tizinthu tosakanikirana tochepa kwambiri timathanso kusintha zonse. Coble anapeza kuti kuthira magnesia pang'ono mu alumina kumaletsa tinjere kukula mothamanga, moti mipata yonse imatha ndipo chinthucho chimadutsa kuwala. Chipangizo chimenechi chinagwiritsidwa ntchito m'magetsi achikasu a m'misewu. Modelo imene sinauzidwe za magnesia singalosere zimenezi.

Mamodelo ambiri amatenga tinjere ngati timipira tosalala, pomwe ufa weniweni uli ndi ngodya ndi timiulu togwirana. Kukhulana kwa chinthu ndi thireyi pa madigiri oposa 1,000 n'kovuta kuyeza. Kulosera pamene mng'alu udzayambire n'kovuta kuposa kulosera maonekedwe. Njira zatsopano zikubweretsanso mafunso ena. Mu spark plasma sintering magetsi amadutsa m'chikombole cha graphite, choncho modelo imayenera kuwerengera magetsi, kutentha ndi kupsinja nthawi imodzi, popeza kutentha koyezedwa kunja kwa chikombole kumasiyana ndi kwa mkati. Mu 2010 gulu la Rishi Raj ku yunivesite ya Colorado linasonyeza kuti zirconia ingapse m'masekondi osakwana 5 pa madigiri 850 ikadutsitsidwa magetsi, ndipo asayansi akukambiranabe chimene chimachititsa liwiro limeneli.

Pa zifukwa zimenezi mafakitale sasiya kuwotcha zoyeserera. Chimene kompyuta imachita ndi kuchepetsa maulendo oyesa, kusonyeza malo oyenera kuyezedwa, ndi kufotokoza chifukwa chimene chinthu chapindikira. Ofufuza ena akuphunzitsanso mapulogalamu a machine learning ndi zotsatira za mamodelo aakulu, kuti yankho limene linkatenga maola lizipezeka mofulumira pamene injiniya akusintha chojambula.